Mbendera Pakhomo pa Atelala

Lolemba, 2 Juni

Kulikulu kwawomba mphepo yatsopano. Nduna yathu ya zakunja, yomwe yangolowa kumeneyi, akuti yatopa ndi malipoti a ufulu wa anthu ongounjikidwa m'makabati. Ikufuna akazembe onse azituluka m'maofesi, azikachezera anthu a zipembedzo zing'onozing'ono amene akuzunzidwa m'mayiko omwe tinatumizidwako. Mawu ake ndi amodzi: "Tizioneka." Akuti munthu amene wachezeredwa ndi kazembe, boma la kwawo limachita naye manyazi.

Akazembe athu (ndizingolemba kuti a K., dzanja langa si makina) anatiwerengera uthengawo pamsonkhano wa m'mawa, akumwetulira mpaka mano a m'mbali. Atamaliza maso onse kwa ine. Paja muno amanditchula Mayi a Ufulu, poti desiki ya ufulu wachibadwidwe ndi yanga, ija ili pafupi ndi makina okopera mapepala, yopanda ndi zenera lomwe.

"Mayi, simukudziwako aliyense?"

Bwenzi nditangoti ndikafufuza kaye. Koma pakamwa pangapa pamathamanga, mutu umachita kubwera pambuyo. Ndinati ndikuwadziwa atelala.

Atelala anga a m'kanjira ka kuseri kwa msika. Chibwerereni m'dziko lino palibe wina anandizungulizapo tepi m'chiuno. Za chipembedzo chawo sanandiuze tsiku limodzi, ankangogwetsa pang'onopang'ono akundiyeza, maphini ali kukamwa. Boma la kuno linawatsekera nyumba yopemphereramo kalekale, ndipo kusonkhana kwawo akuti n'kuphwanya lamulo. Ndiye amakumana Lachitatu m'mawa m'chipinda cha kuseri kwa shopu. Amalowa mmodzimmodzi, aliyense atanyamula kachovala ngati wodzasoketsa. Ngakhale manda a mzinda anawakaniza. Chaka chatha mlongo wawo atamwalira ndinapita nawo kokaika, pa minibasi, nditadziphimba kumutu, kumalo komwe amaikako anthu awo mobisa. A K. ndinawauza za ulendowo nditabwerako, koma malo sindinatchule, ndipo m'malipoti anga mulibe dzina la munthu.

Usiku uno tulo takana kubwera. Mwina ndi khofi.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndinatenga nsalu yanga yobiriwira kupita nayo kwa atelala ngati chonamizira. Ndiyofunikadi kusokedwa. Mwana wanga akumaliza maphunziro a unamwino mu Ogasiti, ndipo ananena kale kuti ndikadzabwera ndi suti yakuda ya kuofesi adzandikana pagulu.

Atelala atazunguliza tepi anangoti, "Aa, mayi. Ntchito yanu akuti ndi yomva mavuto a anthu, koma thupili likukana kuchitira umboni." Ndinati tepi yawo ndiyo yakalamba, yafupika. Akazi awo, amene ankasita kuseriko, anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako ndinanena chomwe ndinabwerera. Anachotsa maphini kukamwa limodzilimodzi n'kuwabaya pa kapilo kawo. Simbi kuseri kuja inasiya kuyenda.

"Akazembe enieniwo? Abwere muno?"

"Adzangomva zomwe mukukumana nazo. Kwathu akufuna kukuyankhulirani."

"Kutiyankhulira." Analibwereza liwulo pang'onopang'ono. "Ndifunse kaye anzanga. Chipindachi si changa ndekha."

Ndikutuluka akazi awo anawakumbutsa za jakisoni wa shuga, nthawi inali itakwana. Iwo n'kumati, "Mwamuona mkazi wangayu? Anaphonya ntchito, akanakhala woyang'anira ndende."

Lachinayi, 5 Juni

Avomera. Koma akuti chithunzi ayi, mayina ayi, ndipo tibwere ngati anthu odzayeza zovala.

Nkhondo inali pa chithunzi. A K. akuti, "Nanga kulikulu akhulupirira bwanji kuti tinapita? Paja akuti tizioneka." Ndinawauza kuti ngati akufuna chithunzi akaime pafupi ndi maluwa a pageti ndiwajambule ndekha, koma m'chipinda chija foni silowa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaseka. Munthuyu mtima ndi wabwino, amangokonda kuwomberedwa m'manja.

Ndakonza zonse. Mafoni atsala mu ofesi. Tayi avula. Anyamula buluku lakale ngati lofuna zipi. Galimoto ikatisiya pothira mafuta kumsewu waukulu, kotsalako tiyenda wapansi. A Hutala, dalaivala wa a K., ndawauza kawiri, anati, "Ndamva, madamu." Dzina limeneli tinawapatsa chifukwa zaka zonsezi palibe anawamvapo akuliza hutala. Ndi nzika ya konkuno, munthu woti ngakhale nkhuku amaipatsa mpata iwoloke.

Lero mtima wakhalako m'malo.

Lamlungu, 8 Juni

Amayi anga pa foni: miyendo ikutupabe, denga likudontha pakona, mwana wa aneba wathawa ndi mwamuna wa eni. Mwana wanga akuti diresilo lisakhale lokolopa pansi. "Mami, mawondo si tchimo."

Lolemba, 9 Juni

A K. abweretsa buluku lija kuti ndilione ngati likuoneka lakale mokwanira. Losita bwinobwino, mzere wakuthwa! Ndinalikwinyakwinya pamaso pawo n'kuthyola zipi ndi manja. Akuti ndili ndi nkhanza za aphunzitsi akale.

Lachitatu, 11 Juni

Mvula. Inayamba tikutuluka pageti, pofika kumsewu waukulu inali ikuchita kukhuthuka, kutsogolo osaona bwino. Titafika pothira mafuta paja a Hutala sanaime. Anakhota kulowa m'kanjira, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, mpaka pakhomo penipeni pa shopu, n'kutuluka ndi ambulera. Ine ndinati, "Zikomo a Hutala, mwatipulumutsa." Ndinaterodi, ndi pakamwa pangapa. Mumtima ndinkati atisiya n'kubwerera kumsewu.

M'katimo. Kachipinda kodzaza ndi mipukutu ya nsalu, ena akhala pomwepo, ena pansi. Azimayi, azibambo achikulire, mtsikana wina woyembekezera. Saimba mokweza, amangong'ung'udza milomo ili chitsekere, ndipo kushopu kuja akazi a telala amapalasa makina osokera opanda nsalu kuti phokoso liphimbe. Ndakhala ndikulemba zimenezi m'malipoti, koma kuzimva ndi makutu n'kwina. A K. anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, buluku lawo lili pamiyendo.

Atafunsidwa chomwe akufuna, atelala sanachulutse gaga. Ana asamathamangitsidwe kusukulu. Ndi kamalo koika maliro poyera, anthu akulira momasuka. Basi. A K. anadzigunda pachifuwa: "Dziko lathu lili pambuyo panu. Kuyambira lero simuli nokha." Nanenso ndinakhulupirira.

Tikutuluka, galimoto ili pompo. Yakuda bii, yatseka kanjira konse, injini ikulira, kambendera kathu kali kutsogolo, konyowa koma kooneka bwinobwino. Obisala mvula adzaza m'makhonde onse, maso ali tong'o. Wokonza mafoni wa kutsidya, wometa, azimayi ogulitsa masamba, ndi wina wa jekete lachikopa amene sankaoneka ngati akubisala mvula. A Hutala aima ndi ambulera, chitseko atsegula kale, akumwetulira.

Mbendera ija ndimaiona tsiku lililonse mpaka ndinasiya kuiona. Ndinaganiza za nkhope, za mafoni, za tayi, za zipi. Mbendera ayi.

Atelala anaiyang'ana, n'kuyang'ana ine. Kenako anakweza mawu kuti onse amve: "Buluku lanu mudzatenge sabata yamawa, bwana!" Palibe amene anapusitsidwa.

M'galimoto ndinawakalipira a Hutala mpaka mawu anandithera. Iwo akuti, "Madamu, ine anandiphunzitsa kuti kazembe sanyowa, ndipo komwe walowa galimoto imadikira pakhomo." A K. akuti ndisakulitse nkhani, mwinanso zathandiza, tsopano onse adziwa kuti anthuwa ali ndi abwenzi. Ndinangoyang'ana kunja.

Lachinayi, 12 Juni

Kulikulu asangalala. Nduna yatiyamikira, akuti maofesi ena atengerepo chitsanzo. A K. agula makeke. Sindinadye.

Loweruka, 14 Juni

Kokayeza diresi. Ndinapita pa minibasi, ndinatsikira kutali. M'kanjira anthu amene amandipatsa moni anali otanganidwa mwadzidzidzi. Wometa ankasesa posesa kale.

Diresi latha, kwatsala m'munsi mokha. Atelala anandiimika pa kabokosi, iwo n'kugwada movutikira, kumapinda mpendero ndi kubaya maphini. Ndinawauza zomwe mwana wanga ananena. Akuti, "Mukamuuze namwinoyo kuti mawondo si tchimo, koma ena ndi chinsinsi cha banja." Tinaseka, koma phini limodzi linandibaya mwendo. Chiyambire sanandibayepo.

Akuti kuli anthu akufunsafunsa kwa aneba: Lachitatu amalowa ndani, bwana wa mbendera ankafuna chiyani. Ndinayamba kupepesa, anandidula. "Si inu munagwetsa mvula, mayi. Ndiponso tinavomera tokha. Tatopa nako kunong'ona." Ndinawachonderera kuti achokeko kaye, apite kwa abale. Akuti nanga madiresi a ukwati wa eni asoke ndani? Akazi awo anangondipatsa madzi akumwa.

Atelala akuti diresi ndidzatenge Lachisanu.

Lolemba, 16 Juni

Awatenga.

Akazi a telala anaimba ndili pa desiki. Mawu owuma, osalira. M'mawa akutsegula shopu, galimoto yopanda nambala, amuna ovala wamba. Atenga iwo ndi azibambo ena awiri a m'gulu lawo, makina osokera, ndi tepi yomwe. Amayiwo anathamangira ndi kachikwama ka mankhwala a shuga, wina anakakankha ndi phazi. "Mayi, bambo aja popanda jakisoni satha masiku. Akazembe anu anati sitili tokha."

Ndinalowa kwa a K. osagogoda. Ulemu ndiwapatse, anapsa mtima zenizeni, anamenya tebulo tiyi mpaka kutayikira pa nyuzipepala. Tinalemba limodzi mawu odzudzula, oti atuluke lero lomwe pa wailesi ndi m'manyuzi, onena kuti munthuyu akudwala ndipo dziko lathu likufuna amasulidwe. Koma mawu otere satuluka popanda chilolezo cha kulikulu. Tatumiza. Tadikira mpaka okolopa anabwera kudzatipempha tikweze mapazi.

Lachiwiri, 17 Juni

Yankho labwera. Akuti tidekhe. Sabata yamawa nduna yathu ikubwera kudzasainira mgwirizano wa mafuta ndi boma la kuno, umene takhala tikuupempha zaka. Nkhani ya telala "tiikambe mwakachetechete."

Mwakachetechete! Abale inu. Pamene eni ake anatipempha kuti tibwere mwakachetechete tinapita ndi mbendera. Lero pofunika kukuwa akuti tinong'one. Ndinadzitsekera m'bafa n'kutukwana mawu oti amayi atawamva akhoza kundikana.

Chowawa n'chakuti za mafutazo si bodza. Achimwene anga kwathu akugona m'galimoto pa mzere wa petulo, ndipo ambulansi za kuchipatala komwe mwana wanga akuphunzira zangoima. Ndikudziwa zonsezo. Koma jakisoni sadikira nduna.

Masana ndinakumana ndi akazi a telala kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Anandipatsa kachikwama kaja atakakulunga m'kansalu konyowa kuti mankhwala asatenthe. Ndinazungulira mapolisi onse a mbali ino. Kulikonse mafunso ndi omwewo. "Ndi nzika ya dziko lanu?" Ayi. "Ndi m'bale wanu?" Ayi. "Ndiye ndi ndani wanu?" Ndinati ndi telala wanga. Wapolisi wina anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzamve nawo. Akuti munthu ameneyo alibe.

Mankhwala ali mu firiji ya kuofesi, pafupi ndi makeke otsala aja.

Lachitatu, 18 Juni

Lero ndi Lachitatu. Kaya alipo wang'ung'udza kwinakwake.

Tinapita ndi a K. ku unduna wa zakunja wa kuno. Mkulu amene anatilandira ndi munthu wosalala, wa mafuta onunkhira, tiyi anatithirira yekha. A K. asanayambe n'komwe iye akuti, "Ndamva galimoto yanu inasochera kuseri kwa msika sabata yatha. Misewu yathuyi, pepani." A K. ananena zonse, za shuga, za jakisoni. Iye ankangogwedeza mutu mwachisoni. Akuti ndi nkhani ya apolisi, komanso ndi nkhani ya m'nyumba mwawo, koma chifukwa cha ubale wathu aona. Ndinaika kachikwama ka mankhwala patebulo pake. Anakakankhira kwa ine ndi chala chimodzi, akumwetulirabe.

Tinabwerera kuofesi. A Hutala aonda masiku ochepa omwewa. Pageti anandinong'oneza kuti, "Madamu, ndikanangowasiya anyowe." Ndinangowagwira paphewa. Nanga anati zikomo uja ndani?

Lachisanu, 20 Juni

Lero ndi lomwe ndikanakatenga diresi.

Akazi a telala awapeza. Ali kundende ya kunja kwa mzinda. Mlonda wina wachifundo anawatsina khutu kuti bambowo akungomwa madzi osalekeza ndipo dzulo analephera kuima poitana mayina. Chakudya alandira, mankhwala akana, akuti singano silowa m'ndende.

A K. anaimbira nduna yathu yeniyeniyo, ine ndili pomwepo. Ndinkamva mbali yawo yokha: "Inde bwana... koma bwana, munthuyu... inde... tikasaina. Ndamva." Anaika foni.

Ndinati titulutse mawu aja tokha, atichotse ntchito ngati akufuna. Akuti, "Mayi, tikatero mgwirizano ufa, telalanso sangatuluke." Mwina akunena zoona, mwina ayi. Ndinawakumbutsa kuti Lachitatu lija anadzigunda pachifuwa pamaso pa mtsikana woyembekezera. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Nambala ya mtolankhani wina ndili nayo. Ndaiyang'ana madzulo onse. Ndikaimba, a kuno adziwa kuti zachokera kwa ife, ndipo amene ali m'manja mwawo si ine. Kapena ndikungodzikhululukira? Sindinaimbe.

Loweruka, 21 Juni

Ndinadutsa pa minibasi kumsewu waukulu, osatsika. Kanjira kamaoneka pang'ono pokhota. Chitseko cha shopu achikhomera thabwa, ndipo wina wapakapo penti yofiira. Chidole chawo chovekera madiresi chili panja, chagona m'ngalande.

Lamlungu, 22 Juni

Amayi akuti anamva nduna pa wailesi ikunena kuti dziko lathu tsopano likuteteza opembedza ozunzidwa kunja, ndiye auza mpingo wonse kuti mwana wawo ndiye ali pa nkhani imeneyo. "Mwanawe, lero anakupempherera mochita kukutchula dzina." Ndinati netiweki ikuvuta.

Mwana wanga anaimbanso payekha. "Mami, mawu anuwo si a netiweki." Ndinamuuza zonse. Anafunsa kuti jakisoni womaliza anabaya liti. Nditamuuza anangofunsa ngati ineyo ndadya.

Lachiwiri, 24 Juni

Asaina. Ine ndinali wopereka zolembera ndi kutembenuza masamba. Makamera mbwee, timbendera tiwiri patebulo. Pa chakudya chamasana a K. anapeza mpata, anawerama kwa nduna ya kuno. Ndinaimva ikuti, itawagwira dzanja, "Musadandaule, mkulu ameneyo atuluka sabata yomwe ino, ikhale mphatso kwa alendo athu." A K. anandiyang'ana ali kutsidya kwa tebulo, maso akuti mwaonatu. Ndinathamangira panja kukaimbira akazi a telala. Foni yozima.

Pobwerera ndinagula ulusi wobiriwira. Ndimati wawo anawalanda, adzamalizira chiyani diresi.

Lachitatu, 25 Juni

Atelala anamwalira Lolemba. Dzulo tinkapempha mphatso ya munthu wakufa kale.

Lachinayi, 26 Juni

Mlonda wa pageti anaimba kuti pali mayi akundifuna koma akukana kulowa. Ndinawapeza ataima kutsidya kwa msewu, pokwerera basi, atanyamula thumba la pulasitiki. Akazi a telala. Masiku ochepa omwewa mayi aja afupika.

Ndinafuna kuwakumbatira, anabwerera m'mbuyo pang'ono. Maso awo anali kumsewu.

Thupi awapatsa dzulo. Apolisi akuti unali mtima. Azibambo awiri aja atulutsidwa, ndi amene anawauza kuti chakumapeto bambo ankangopempha madzi ndi kufunsa ngati akazembe abwera. Ananena zimenezi mopanda ukali, ngati akundiuza kuti basi yachedwa. Ndinagwira chitsulo cha chikwangwani cha basi.

Anandipatsa thumbalo. Diresi. Apolisi sanalione, linali kuchipinda chositira. "Mpendero sanamalize. Ine ndayesa, manja akukana. Maphiniwo ndi awo, musawataye."

Kenako anati, "Mayi, amuna anga ankakukondani, ndiye ndinena mosabisa. Tiika mawa, konkuja. Malo aja ndi okhawo atitsalira. Amayi anga ali komweko, mwana wathu woyamba ali komweko, nanenso ndikufuna ndidzagone pafupi ndi bambo. Akangowadziwa adzapititsako thalakitala. Musabwere. Inu, akazembe anu, galimoto, maluwa, chilichonse. Ngakhale pa minibasi musabwere, masiku ano muli ndi okutsatirani."

Ndinati ndamva. Ndinafunsa ngati pali china chomwe ndingachite. Akuti, "Chomwecho basi." Basi itafika anakwera osatembenuka.

Nditabwerera ndinapeza kulikulu atadzuka. Mgwirizano wasainidwa, tsopano pakamwa patseguka. Mawu athu aja atuluka, achotsamo za jakisoni, aikamo "chisoni chachikulu." Ndipo nduna ikufuna a K. akaonekere kumaliro, akaike nkhata ya maluwa m'dzina la dziko lathu. Ndi chithunzi chomwe. A K. sindinawapeze, anaperekeza alendo kubwalo la ndege.

Mankhwala ndawachotsa mu firiji. Kotaya sindikukudziwa, ali m'chikwama changa.

Lachisanu, 27 Juni

Ndavala diresi lobiriwira kuntchito, ndi maphini ake omwe. Mlembi anati, "Mayi, m'munsimo simunathe." Ndinati ndikudziwa.

Nkhata inafika m'mawa, yaikulu ngati tayala la lole, ya maliboni a mitundu ya mbendera. Anaitsamiritsa pa makina okopera, pafupi ndi desiki yanga, ofesi yonse fungo la maluwa. A K. anatuluka atavala suti yakuda, maso ofiira. Sakunamizira, munthuyu sanagone. A Hutala pambuyo pawo, makiyi m'manja. Wojambula naye wakonzeka, kamera pakhosi.

Ndinawauza zomwe amayi aja ananena, osasiyako liwu. A K. anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti akumvetsa, koma si za kulikulu zokha. "Ndinamulonjeza munthu uja, mayi. Ndalephera ali moyo. Mundikanize ndi kukaima pamanda ake pomwe? Mbendera tichotsa. Wojambula atsala. Tikaima patali."

"Galimoto ikatisiyanso pothira mafuta," ndinatero ine.

Anatseka maso. Kenako mofatsa: "Malowo mukuwadziwa ndinu nokha. Paja munapitako chaka chatha."

"Ndayiwala, bwana."

"Mayi a Ufulu."

"Ndayiwala njira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, inenso ndinawayang'ana. Akuti ndiye kulikulu ayankha chiyani? Ndinati awauze kuti wa desiki ya ufulu wayiwala, dzina langa akulidziwa. A Hutala anaika makiyi pa desiki yanga n'kutuluka. A K. anabwerera mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Nkhata ikadali pano.

Panopa ndiye kuti akuika. Ndakhala pa desiki, mpendero ndaukwezera pamawondo, ulusi ndinagula uja ndi singano yobwereka kwa mlembi. Kusoka sindidziwa, mzere ukupita mokhota. Phini lililonse ndikalichotsa ndikuliika m'kachikwama ka mankhwala kaja.

Ndangozindikira kuti ndikung'ung'udza, milomo ili chitsekere.